Mmene mungagwirire mayankho a phuma pa mayeso okhala ndi nthawi yoikika

Mwezi wa Okotobala kuno ku Mangochi, ikamakwana 11 koloko m'kalasi ya malata mumakhala ngati mu uvuni. Inali nthawi ngati imeneyo pamene ndinalembetsa ana anga a Fomu 3 mayeso oyeserera a masamu pa matabuleti obwereka. Zotsatira zitatuluka ndinaona kuti mafunso akumapeto pafupifupi onse analakwa. Ndinangoti mutu umenewo sanaumve, n'kuubwereza kwa masabata awiri athunthu. Pambuyo pake mnzanga wina anandionetsa kuti pulogalamu ija inkasunga nthawi imene mwana aliyense anakhala pa funso lililonse. Titatsegula, ndinachita manyazi. Ambiri mafunso amenewo sanawawerenge n'komwe. Ankangodina, masekondi awiri kapena atatu, n'kupita kutsogolo. Masabata awiri aja ndinathira mankhwala pa bala lomwe kunalibe.

Akatswiri oyeza maphunziro nkhaniyi anaiona kalekale. Mu 1997 Deborah Schnipke ndi David Scrams anasiyanitsa makhalidwe awiri a munthu pa funso: kulimbana nalo kuti apeze yankho, ndi kungosankha mwachangu asanaliwerenge bwino. Khalidwe lachiwirili ndilo ndikulitcha yankho la phuma. Limabwera pa zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri. China ndi choti nthawi yamuthera mwana, ndiye akungodzaza mipata. China ndi choti mayesowo alibe nawo ntchito, akudziwa kuti malikisi ake salowa pa lipoti. Njira zomwe ndifotokoze pano zikuthandizani kupeza mayankho oterewa, komanso kuona chifukwa chake mwa ziwirizi. Simufunika pulogalamu yodula. Excel kapena LibreOffice Calc ikwanira.

Poyambira: sungani nthawi ya funso lililonse

Nthawi ya mayeso onse siikuuzani zambiri. Mwana wotuluka patatha mphindi 45 angakhale kuti anathera mphindi 43 pa mafunso 25 oyamba, otsalawo n'kuwakolopa m'mphindi ziwiri. Chofunika ndi nthawi ya funso limodzi limodzi, ndipo kuti mukhale nayo funso lililonse lizioneka palokha pa sikirini. Mukaika mafunso asanu pa tsamba limodzi, mudziwa nthawi ya tsambalo basi.

Google Forms pa ntchito imeneyi ndi yoperewera, chifukwa imangolemba nthawi imene munthu watumiza fomu yonse. ODK Collect ndi KoboCollect zili bwino, ndipo zimagwira popanda netiweki, chomwe ndi chofunika mukakhala ku Makanjira kapena m'mapiri a ku Namwera. Pokonza fomu yatsani gawo lotchedwa audit. Likupatsani fayilo yolemba pamene mwana wafika pa funso ndi pamene wachokapo, m'mamilisekondi. Chotsani nambala yoyamba pa yachiwiri, mugawe ndi 1,000, mwapeza masekondi. Ngati mwana anabwerera ku funso lomwelo, fayiloyo ikhala ndi mizere ingapo ya funso limodzi, iphatikizeni. Pa Moodle ikani funso limodzi pa tsamba, nthawi muzitenga mu mbiri ya mayankho.

Ngati mayeso anu ndi a papepala, monga momwe alili a MANEB, musataye mtima. Zilipo zoti muchite, ndazifotokoza chakumapeto.

Konzani matebulo awiri, muwatsuke

Tebulo loyamba ndi la nthawi: mwana aliyense mzere wake, funso lililonse kolamu yake. Siyani mizere itatu pamwamba, woyamba wa manambala a mafunso, wachiwiri wa avereji, wachitatu wa malire. Ana ayambire mzere wachinayi. Tebulo lachiwiri likhale lofanana ndendende, koma la kukhoza: 1 ngati wakhoza, 0 ngati walakwa. M'malo mwa mayina lembani manambala, makamaka ngati fayiloyi idutsa m'manja mwa aphunzitsi a sukulu zina.

Funso lomwe mwana sanaliyankhe lisiyeni lopanda kanthu, musalembepo ziro. Kenaka fufuzani nthawi zazitali modabwitsa. Mukaona masekondi 900 pa funso limodzi, kawirikawiri ndi mwana amene anapita kukamwa madzi, kapena tabuleti inathima n'kuyatsidwanso. Nambala imodzi yotere imakoka avereji ya funso lonse, ndiye ifufuteni musanawerengere avereji, koma mulembe penapake kuti mwafufuta zingati.

Yang'anani chithunzi musanawerengere chilichonse

Ili ndi gawo lomwe anthu amalidumpha, koma ine ndimaliona kuti ndilo lophunzitsa kwambiri. Tengani funso limodzi, muwerenge kuti ndi ana angati anayankha pakati pa sekondi 0 ndi 1, angati pakati pa 1 ndi 2, mpaka masekondi 60 kapena kupitirira. Fomula ya Excel ya COUNTIFS kapena FREQUENCY ikuchitirani zimenezi. Jambulani gulafu ya timizati.

Pamene panalibe phuma mudzaona chulu chimodzi, chokwera msanga n'kutsika pang'onopang'ono kumanja, chifukwa nthawi zonse pamakhala ochepa ochedwa kwambiri. Pamene panali phuma mudzaona zulu ziwiri: kachulu kakang'ono kosongoka pa masekondi oyambirira, kenaka chigwa, kenaka chulu chachikulu cha amene anawerenga ndi kuganiza. Chigwa chimenecho ndiye malire achilengedwe a funsolo. Ali kumanzere kwake ndi a phuma.

Ngati mchira wakumanja ndi wautali moti chithunzi sichikuoneka bwino, sinthani nthawi zonse ndi LN, fomula ya Excel ya logarithm, musanajambule. Nthawi zoyankhira mafunso zimakonda kukhala ndi maonekedwe oterewa, n'chifukwa chake Wim van der Linden mu 2006 anamanga njira yake yodziwika pa logarithm ya nthawi osati pa masekondi enieni.

Vuto ndi kuchuluka kwa ana. Ndi kalasi imodzi ya ana 40 gulafu imangokhala mano a sowo, chigwa osaoneka. Ngati sukulu za m'kalasitala mwanu kapena m'zoni mwanu zinalemba mayeso amodzi, phatikizani mafayilo. Ana akafika mazana angapo zulu ziwirizi zimayamba kudzionetsa zokha. Dziwaninso kuti mafunso ena chigwa sakhala nacho, makamaka afupiafupi osavuta, pomwe wodziwa ndi wongodina amayankha pa liwiro lofanana.

Ikani malire

Popeza chigwa sichipezeka pa funso lililonse, pamafunika lamulo. Losavuta kwambiri ndi kuika nambala imodzi pa mafunso onse, kawirikawiri masekondi 3. Ndi lachangu, koma ndi logontha. Funso loti 7 kuchulukitsa ndi 8 mwana wochenjera aliyankha moona m'masekondi atatu. Funso la mawu 60 ngakhale munthu wowerenga mawu anayi pa sekondi afunika masekondi 15 kuti angolimaliza kuwerenga, asanayambe n'kuganiza komwe. Malire amodzi alakwira mwana woyambayo n'kuphonya wongodina pa funso lachiwirilo.

Njira imene ndimayambira ine ndi ya Steven Wise ndi Lingling Ma ya mu 2012, yodziwika kuti NT10. Malire a funso ndi 10 peresenti ya avereji ya nthawi ya funsolo, koma asapitirire masekondi 10. Tiyerekeze kuti avereji ya funso lina ndi masekondi 48: malire ake ndi masekondi 4.8. Lina avereji yake ndi masekondi 130: 10 peresenti ndi 13, koma timaimira pa 10. Mu Excel, ngati avereji ili mu B2, lembani mu B3 kuti =MIN(10,0.1*B2) n'kukokera kumanja mpaka funso lomaliza.

Pali msampha umodzi. Ngati theka la kalasi linangodina pa funso lina, avereji ya funsolo imatsika, malire nawo amatsika, ndiye ongodina ena amapulumuka. Zimachitika kwambiri pa mafunso omaliza. Pamenepo yerekezani ndi gulafu ija, kapena bwerekani malire a funso lina la koyambirira lofanana nalo kutalika. Njira ziwiri zikasiyana pang'ono, tengani malire otsika. Kuphonya ongodina awiri n'kwabwino kusiyana ndi kumuika chizindikiro mwana amene anayesetsa.

Tsopano pangani tebulo lachitatu la zizindikiro, 0 pa yankho la phuma, 1 pa yankho loganizira. Samalani ndi mipata yopanda kanthu, chifukwa Excel imaitenga ngati ziro n'kuiwerenga ngati phuma. Lembani motere: =IF(B4="","",IF(B4<B$3,0,1)) molozera ku tebulo la nthawi.

Yesani ngati malirewo akunena zoona

Apa m'pamene masamu amalowa, ndipo musapitirire musanachite zimenezi. Munthu wongodina pa funso la mayankho anayi, A mpaka D, amakhoza mwamwayi kamodzi pa kanayi, ndiye kuti 25 peresenti. Choncho mayankho onse amene mwawaika chizindikiro cha phuma ayenera kukhoza pafupifupi pamenepo. Akakhoza kwambiri kuposa apo, ndiye kuti mwakola ana odziwa amene ndi achangu chabe.

Tiyerekeze kuti pa funso lina mwapeza mayankho a phuma 60. Mwamwayi tikuyembekeza okhoza 15. Koma mwayi susunga nambala ndendende, ndiye tiwerengere kuti ungasunthe motani. Chulukitsani 60 ndi 0.25 ndi 0.75, mupeza 11.25, sikweya ruti yake ndi pafupifupi 3.4. Kawiri kake ndi pafupifupi 7. Ndiye okhoza akakhala pakati pa 8 ndi 22, zikugwirizana ndi kungopenekera. Akakhala 40 mwa 60, malire anu akwera kwambiri, atsitseni. Ngati mayankho a phuma pa funso limodzi ndi ochepa, phatikizani a mafunso onse okhala ndi mayankho anayi muyese pamodzi.

Yang'ananinso mbali inayo. Amene ali pamwamba pa malire azikhoza moonekeratu kuposa 25 peresenti. Ngati nawonso ali pomwepo, mwina funsolo ndi lovuta kwa onse, mwina kiyi yanu yochongera ndi yolakwika. Ine ndinagwirapo kiyi yolakwika mwa njira imeneyi, ndipo inali yolemba ine ndemwe.

Mfundo yomweyi mungaitembenuze kuti ikupezereni malire. Sanjani ana pa funso limodzi kuyambira wachangu kwambiri, muziwerengera gawo la okhoza mwa onse amene ayankha pofika sekondi 1, pofika 2, pofika 3, choncho. Poyamba nambalayi imavinavina mozungulira 0.25, kenaka imakwera osabwereranso. Sekondi yomaliza imene inali pa 0.25 kapena pansi ndiyo malire. Hongwen Guo ndi anzake anaifotokoza njirayi mu 2016. Imafuna ana ambiri, ndipo pa funso lovuta kwambiri siigwira, chifukwa nambalayo siikwera n'komwe.

Kanthu kena kakang'ono: ongodina sasankha zilembo mofanana. Ambiri amakonda zapakati, B ndi C. Funso lomwe yankho lake ndi C likhoza kuonetsa okhoza ambiri pakati pa a phuma, lomwe yankho lake ndi A ochepa. N'chifukwa chake kuphatikiza mafunso kumapereka chithunzi chodalirika kuposa funso limodzi.

Werengerani mwana ndi mwana, funso ndi funso

Avereji ya mzere wa mwana mu tebulo la zizindikiro ndi gawo la mafunso amene analimbana nawo moona. Wise ndi Xiaojing Kong anautcha mlingo umenewu RTE mu 2005. Mwana amene pa mafunso 40 anadina mwaphuma 6 ali ndi 34 kugawa ndi 40, yomwe ndi 0.85. Ofufuza ambiri amatenga 0.90 ngati podulira: wotsika kuposa apo malikisi ake ndi okayikitsa. Nambalayi si lamulo la boma, ndi chizolowezi chabe, ndipo pa mayeso a mafunso 10 yankho limodzi lokha limamufikitsa mwana pa malirewo.

Chitaninso chimodzimodzi ndi makolamu, kuti funso lililonse likhale ndi gawo la ana amene analiganizira. Kenaka jambulani mzere, mafunso kuyambira loyamba mpaka lomaliza.

Werengani pamene phuma lagwera

Manambala afika pamapeto a ntchito yawo apa, chatsala ndi nzeru za mphunzitsi. Mu tebulo la zizindikiro pakani utoto wofiira pa ziro aliyense, muchepetse sikirini kuti muone tebulo lonse nthawi imodzi.

Kufiira kukaunjikana kumanja, pa mafunso omaliza, ndipo ana amenewo anakhala mpaka nthawi kutha, vuto ndi nthawi. Anawa si aulesi. Kawirikawiri ndi amene anachedwa pa mafunso oyamba chifukwa choyesetsa. Kuno kwathu zimenezi tiziganizire kawiri. Ana ambiri m'boma lino kunyumba amayankhula Chiyao, Chichewa amachigwiritsa ntchito pabwalo ndi kumsika, ndipo kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi. Mwana wotere funso la masamu la mawu ambiri amaliwerenga kawiri kapena katatu asanagwire pensulo. Masamuwo akhoza kuwadziwa, koma koloko ikumulanga chifukwa cha chiyankhulo. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo anawa sanayambire limodzi ndi anzawo. Yerekezani mmene anakhozera pa mafunso amene anawaganizira ndi mmene anzawo anakhozera pa mafunso omwewo. Mukapeza kuti sakusiyana kwenikweni, chofunika kukonza ndi pepala lanu: chepetsani mafunso, fupikitsani mawu, kapena onjezani mphindi.

Kufiira kukamwazikana paliponse mumzere wa mwana, n'kupezanso kuti anatuluka nthawi ikadalipo yambiri, imeneyo ndi nkhani ya chidwi. Mwina anaona kuti mayesowo alibe phindu, mwina anali ndi njala, mwina anagona mochedwa atathandiza kukoka khoka kunyanja. Tebulo silingakuuzeni kuti ndi chiti.

Kufiira kukatsika m'kolamu imodzi pakati pa mayeso, funsolo ndi lomwe lili ndi mlandu. Nthawi zambiri limakhala lalitali kapena lokhala ndi chithunzi chowopsa maso, ana akangoliona amadina n'kuthawa.

Ndipo kufulumira kukabwera limodzi ndi kukhoza kwambiri pa mafunso ovuta, limenelo si phuma. Mwina anawo analiona kale funsolo. Ndi nkhani ina, yofuna kusamala kwake, ndipo nthawi yokha si umboni wokwanira woti munthu anabera.

Ngati mayeso ndi a papepala

PSLCE, JCE ndi MSCE amalembedwa papepala, mayeso a moko ambiri nawonso, ndiye masekondi mulibe. Chomwe muli nacho ndi mipata. Pa pepala lililonse pezani funso lomaliza limene mwana anayankha; onse otsatira ndi mafunso amene sanawafikire, osiyana ndi amene anawadumpha pakati. Lamulo lakale la Frances Swineford wa ku ETS, bungwe lokonza mayeso ku America, limati nthawi inali yokwanira ngati pafupifupi onse anafika pa magawo atatu mwa anayi a mafunso, ndipo osachepera 80 peresenti anafika pa funso lomaliza. Pa mafunso 40 ndiye kuti onse afike pa funso 30.

Lamuloli lili ndi bowo lalikulu, ndipo bowolo timaboola ndife aphunzitsi. Timawauza ana kuti asasiye mpata, nthawi ikatha angodzaza. Ndiye pepala limaoneka lomalizidwa pomwe mafunso 10 omaliza ndi C yekhayekha. Choncho fufuzaninso mndandanda wa chilembo chimodzi kumapeto, kapena ABCD wobwerezabwereza, mutaona kaye kuti kiyi yanu ilibe mndandanda wotere. Onaninso ngati gawo la okhoza likutsikira ku 25 peresenti mafunso akamapita kumapeto.

Koma kutsika kumeneko kungabwerenso chifukwa choti tinaika mafunso ovuta kumapeto. Njira yosiyanitsira ndi kusindikiza mapepala a mitundu iwiri, mafunso omwewo koma osanjidwa mosemphana, n'kuwagawa modumphitsa, mwana uyu mtundu woyamba, woyandikana naye wachiwiri. Funso likakhozedwa ndi ambiri pamene lili koyambirira n'kulakwidwa pamene lili kumapeto, mlandu ndi wa koloko. Njira ina yosafuna ndalama ndi yoti woyang'anira mayeso, kutatsala mphindi zisanu, auze onse kuti ajambule mzere pansi pa funso limene afika. Zolembedwa pansi pa mzerewo mudziwa kuti zinalembedwa m'mphindi zisanu. Mwana woyankha mafunso 12 m'menemo pomwe 28 oyamba anamutengera mphindi 45 mwamuona kale.

Malikisi muwatani?

Pa mayeso opereka giredi kapena malo, malikisi musawakhudze. Zomwe mwapeza zikuthandizeni kukonza pepala la ulendo wina. Pa mayeso ofuna kudziwa zomwe ana amva, werengerani kawiri: malikisi pa mafunso onse, ndi malikisi pa mafunso okhawo amene mwana anawaganizira. Wise ndi Christine DeMars mu 2006 anachita zofanana ndi zimenezi m'masamu ozama oyezera mayeso otchedwa IRT, pomwe yankho la phuma silimawerengedwa ngati umboni wa zomwe munthu akudziwa. Yathuyi ndi yophweka, ndipo ili ndi chilema chake: ngati mwana ankathawa mafunso ovuta okhaokha, nambala yachiwiri imukometsera.

Chenjerani ndi kuchotsa ana onse a RTE yotsika kuti avereji ya sukulu ikwere. Ngati ochotsedwawo ndi ofooka kale, mwangobisa omwe amafuna thandizo. Polemba lipoti kwa a hedi kapena a PEA ikani manambala onse awiri, munene malire amene munagwiritsa ntchito, ndi kuchuluka kwa ana okhudzidwa.

Mwana wa chizindikiro muitaneni payekha, osati pa asembule. Mutsegulireni mafunso atatu mwa amene anadina mwaphuma, mumuuze kuti, “Tayesa awa, usathamange, nthawi ilipo.” Mukhale pambali ndi wotchi, mulembe masekondi amene atenge ndi mayankho ake m'kolamu yatsopano pafupi ndi akale aja.